Petulo wamba ndi wa premium: ndi uti woyenera galimoto wamba?

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kwagona pa nambala ya octane, yomwe ku America imakhala 87 pa petulo wamba ndi 91 kufika 93 pa wa premium, yemwe ndi wodulirapo. Nambalayi sionetsa mphamvu ya mafuta, koma mmene petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini osayaka yekha nthawi isanakwane, vuto lomwe limamveka ngati kugogoda kwa zitsulo galimoto ikamakwera chitunda.

Injini zopanikiza kwambiri, monga zambiri za turbo, zimafunadi wa premium. Koma galimoto yopangidwira petulo wamba siwonjezera liwiro kapena kusunga mafuta chifukwa chothiridwa wodula, ndipo ndalama yapamwambayo imangolowa m'madzi. Mtundu woyenera umalembedwa m'buku la galimotoyo, kawirikawirinso mkati mwa kachitseko ka thanki.