Khofi wozizira wa pakhomo: botolo, French press kapena ayezi

Njira yotsika mtengo kuposa zonse yopangira khofi wozizira ndi ya botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu. Mumathiramo magalamu 100 a khofi wogaya mokhakhala, wooneka ngati mchere wamiyala, n'kuwonjezera mamililita 800 a madzi abwino ozizira, kenako n'kutseka kwa maola 12 mpaka 18. Ntchito yeniyeni ili pa kusefa, chifukwa kansalu koyera kathonje kamadontha pang'onopang'ono, ndipo amene wataya mtima n'kukafinya amalowetsa nsenga zimene zimachititsa khofi kukhala wambuu ndi wowawa. Chotuluka chimakhala champhamvu kwambiri, moti chimafunika kusakaniza ndi madzi kapena mkaka wofanana nacho muyeso, ndipo chimakhala bwino mufiriji kwa pafupifupi mlungu umodzi.

French press, yomwe ndi jagi yokhala ndi chosefera chachitsulo chimene chimakanikizidwira pansi ndi chogwirira, imachita zomwezo popanda chintchito cha kansalu, popeza m'mawa mumangokanikiza chosefera chake n'kutsanulira. Komabe chosefera chachitsulocho chili ndi maso akuluakulu, choncho tinsenga ndi mafuta a khofi zimadutsa, ndipo pansi pa kapu pamatsala matope. Ena amakonda kulemera kumeneku, koma ine ndimaona kuti kumaphimba kutsekemera kumene anthu amafuna mu khofi woviika. Palinso vuto limene ambiri saliganizira: chogwirira chikakhala chokweza, chipangizocho nthawi zambiri sichikwana pa shelefu ya firiji, komanso chimakhala chotanganidwa usiku wonse pamene wina m'nyumbamo akufuna khofi wotentha m'mamawa.

Njira yachitatu, imene imadziwika kwambiri ku Japan, si yoviika konse. Khofi wogaya mosalalako amaikidwa mu pepala losefera, madzi otentha n'kumathiridwa pang'onopang'ono kuti adonthere pa ayezi, ndipo ayeziyo amatenga malo a gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi onse kuti chakumwa chisasukuluke. Zonse zimatha mu mphindi 4. Madzi otentha amatulutsa kafungo ndi kawawasa ka zipatso kamene madzi ozizira amakasiya m'nsenga, n'chifukwa chake khofi wa mtundu wa arabica wa kumapiri a Misuku wokazingidwa pang'ono amamveka bwino kwambiri mwa njira imeneyi, pamene mu botolo amangokoma ngati khofi wina aliyense. Kuipa kwake n'kwakuti amafunika kumwedwa nthawi yomweyo, ndipo popanda ayezi palibe chimene mungachite.

Amene amamwa ndi mkaka ndi shuga tsiku lililonse, makamaka ngati khofi wake ndi wokazingidwa kwambiri, asankhe botolo. Kumene magetsi amazimazima, makamaka mu kutentha kwa Okutobala, ndi bwino kuviika wochepa wokwanira masiku awiri, chifukwa khofi wosefa kale akakhalitsa pofunda amayamba kusasa.