Chithunzi cha masuku chomwe ndagula pa Arcades

Inu okonda zithunzi zopenta pamanja, kafikeni pa msika wa Lamlungu wa pa Arcades ku Lusaka, pali abambo ena amapenta zipatso ndi ziwiya zokhazokha, osati njovu zogulitsa kwa alendo zija ayi. Ine ndatenga cha masuku ali m'mbale yachitsulo yosupuka m'mphepete, kumbuyo kuli bii kuwala kukuchokera mbali imodzi basi, kapentedwe ka akatswiri a ku Netherlands a zaka za m'ma 1600 kaja, ndipo eni ake amanena okha kuti amaonera kwa iwowo. Suku limodzi ndi lophulika mpaka ntchentche yaterapo, mwana wanga amafuna kuiingitsa! Penti ndi yamafuta. Felemu yokha ndiye yosalimba, mukasinthe. Mtengo mumakambirana koma osawatsitsa kwambiri chonde, ntchitoyi imadya masabata.