Migros, golosale yoyambitsidwa ndi banja la Duttweiler

Milungu itatu imene ndinakhala kwa mwana wanga ku Zürich, m'dziko la Switzerland, tinkagula zakudya ku Migros. Ndinaikonda kwambiri. Zinthu zawozawo zotchedwa M-Budget, za mapaketi obiriwira aja, n'zotchipirako ndipo ndi zabwino. Ndinapezamo ufa wachikasu wa chimanga wotchedwa polenta. Ndi wokhakhala kuposa mgaiwa, komabe ndinaphikira nsima, adzukulu n'kunyambita zala.

Mkamwini wanga ndi amene anandifotokozera chiyambi chake. Mu 1925 a Gottlieb Duttweiler anayamba ndi magalimoto asanu a Ford oyenda m'misewu, akugulitsa zinthu zisanu ndi chimodzi zokha: khofi, mpunga, shuga, pasta, mafuta a kokonati ndi sopo. Mu 1935 analowa m'nyumba ya malamulo. Iwo ndi akazi awo, mayi Adele, analibe ana, ndipo mu 1941 bizinesiyo anaisandutsa kopaletivi ya ogula. Zimenezi zinandikhudza mtima zedi. Ngakhale dimba la kunyumba kwawo ku Rüschlikon, pafupi ndi Zürich, analipereka kwa anthu. Tinapitako Lamlungu, ana akuthamanga pa kapinga, popanda kulipira pakhomo.

Mowa ndi fodya musakafunemo, sagulitsa mpaka lero.