Kashopu ka wulu kanandithandiza pa juzi ya mdzukulu wanga

Anzanga oluka, sabata yatha ndinapita kukagula ulusi pa kashopu kena kogulitsa zoluka zokhazokha, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe ndinaona chifukwa ineyo kwa zaka zambiri ndimangogula ulusi paliponse pomwe ndawupeza, mumashopu ogulitsa chilichonse aja, bola mtundu wandisangalatsa basi. Chomwe chinandisintha maganizo ndi juzi yomwe ndinaluka chaka chatha, ulusi unandithera dzanja limodzi litatsala, ndinakagula mpira wina wa mtundu womwewo, dzina lomwelo, koma juzi itatha ndikuyiyanika panja ndinaona kuti dzanja lija lachita kuwalirako mosiyana ndi thupi lonse. Zinandiwawa kwambiri, masabata atatu a ntchito. Ndiye ulendo uno pofuna kulukira mdzukulu wanga wa zaka ziwiri ndinati ayi, ndipite kwa anthu odziwa.

Shopuyo ndi yaing'ono, anthu anayi mukalowa ndiye mwadzaza, koma mashelefu afika mpaka kudenga. Chomwe ndinakonda poyamba n'chakuti ulusi sanausanje potengera mitundu ngati mmene amachitira kwina, anausanja potengera kunenepa kwake. Wowonda wa 4-ply uli mbali yake, wapakatikati wotchedwa DK mbali yake, kenako wonenepako wotchedwa aran, kumapeto chunky wonenepa uja wolukira zipewa ndi masikafu mwachangu. Ndipo pa shelefu iliyonse anapachikapo kansalu kakang'ono koluka kale ndi ulusi womwewo, ena anachita kuwachapa kale, kuti uone mmene umakhalira ukalukidwa. Izi ndi zofunika abale, chifukwa ulusi uli pa mpira umanamiza, umaoneka wofewa koma ukauluka umalimba, wina umaoneka wosakongola koma ukalukidwa ndiye mwaaa.

Mayi omwe amagulitsawo sanayambe n'kundionetsa katundu. Anandifunsa kaye kuti ndikulukira ndani, ndipo adzachapa ndani. Ndinati mdzukulu, ochapa ndi mayi ake omwe amagwira ntchito ndipo alibe nthawi yonyengerera zovala. Anaseka pang'ono n'kunena kuti “Ndiye amama musatenge uyu,” uku akubweza pa shelefu wulu weniweni wa nkhosa womwe ndinali nditaunyamula kale. Anandifotokozera kuti ubweya wa nkhosa uli ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ukauyika m'madzi otentha ndi sopo n'kumaufikisa timamba tija timakolana, juzi imafupika n'kusanduka chinthu cholimba ngati chipewa, ndipo zikatero sizibwereranso. Ine zakufupika ndimazidziwa kalekale koma chifukwa chake sindimachidziwa. Anandionetsa wina wolembedwa superwash, umenewu ndi wulu womwewo koma anaukonza kuti timamba tija tisakolane ndiye umalola kuchapa pa makina, ndi wina wa merino, mtundu wina wa nkhosa za ubweya wofewa zedi. Anati ndiuyike pakhosi osati kungoukhudza ndi zala, zala zathu zazolowera ntchito sizimva kuyabwa koma khosi silinama. Zoonadi wa nkhosa wamba uja unandibaya pang'ono, merino ayi, ngati palibe chilichonse.

Koma merino ndi wodula, ndipo mwana wa zaka ziwiri juzi amaivala nyengo imodzi basi yamuchepa. Mayiwo sanandikakamize, anandilozera wosakaniza, akiliki (ulusi wochita kupanga kufakitale) ndi wulu pang'ono, n'kunena kuti kwa mwana wothamangathamanga uyu ndiye woyenera. Apa ndi pomwe ndinawakhulupirira, wogulitsa wokuchotsa pa chinthu chodula n'kukuika pa chotchipako sapezeka wamba. Za akiliki anandichenjeza chinthu chimodzi chokha, kuti ndi pulasitiki, simbi yotentha ikangomukhudza amafota n'kutaya mphamvu yake yonse, ndiye osasita, kungochapa n'kuyala pansi pathyathyathya kuti iume. Kupachika pa chingwe juzi yonyowa imatalika mapewa.

Kenako nkhani ya kapepala kozungulira mpira kaja, komwe ambirife timangong'amba n'kutaya. Pamenepo pali manambala awiri, ina ya mtundu, ina ya dye lot, kutanthauza gulu la ulusi womwe unanyikidwa mu utoto nthawi imodzi. Mtundu ukhoza kukhala womwewo koma lot ikasiyana kawalidwe kamasiyana pang'ono, mushopu simungaone, mudzaona padzuwa juzi itatha, ngati zinandichitikira ine. Mayiwo anatenga mipira yanga itatu n'kuitembenuza umodzi umodzi kuwerenga manambala, wina unali wa lot ina anaubweza n'kukafufuza kuseri mpaka anapeza wofanana. Anandiuzanso kuti ndizisunga kapepala kamodzi mpaka ntchito ithe, ndipo ngati zavuta ndithu kuti lot yatha, pali njira yoluka mizere iwiri ndi mpira wakale, iwiri ndi watsopano, mosinthanasinthana kwa kanthawi kuti kusiyana kusachite kuonekera ngati mzere wodula.

Chinanso chomwe chili pa kapepalako ndi kutalika. Ine ndimangowerenga magalamu, 50g kapena 100g, kumaganiza kuti mpira ndi mpira. Ayi ndithu. Akiliki wa DK wa 100g amayandikira mamita 300, pomwe wa thonje wolemera chimodzimodzi amakhala mamita 200 ndi kanthu chifukwa thonje ndi lolemera. Ndiye patani ikanena mipira inayi ya ulusi wina wake inu n'kugula wina, werengani mamita osati mipira, apo ayi mudzathera panjira.

Singano ndiye ali nazo zamitundumitundu, zachitsulo, zansungwi, zapulasitiki, zozungulira zija za chingwe pakati, ndi makoloshe kuyambira tating'ono tolukira ulusi wa thonje mpaka zikuluzikulu. Ndinatenga singano zakale zomwe anandisiyira agogo anga, zolembedwa 8 ndi 10 basi opanda mm, ndimafuna ndidziwe kukula kwake. Mayiwo anatulutsa kachipangizo kokhala ndi mabowo n'kumalowetsa, 8 ija inalowa pa 4mm, 10 ija pa 3.25mm. Eti manambala akale a ku Britain amayenda chobwerera, nambala ikakula singano imawonda, pomwe a ku America nambala ikakula singano imanenepa, ndipo 8 wa ku America ndi 5mm. Tangoganizani munthu watenga patani pa intaneti yolembedwa ku America n'kutenga singano ya agogo ya 8, juzi ingatuluke yaing'ono osadziwa kuti walakwitsa pati. Kachipangizo kameneka ndinagula, ndipo aliyense woluka akhale nako.

Pa DK kawirikawiri amati singano za 4mm, masitichi 22 pa masentimita 10. Mayiwo anandipatsa kaulusi kotsala ndi mpando kuti ndiluke mizere ingapo pomwepo aone dzanja langa, atayeza anapeza kuti ndimamanga kwambiri, masitichi anga amachuluka, ndiye anati nditenge 4.5mm. Ndinasankha zansungwi chifukwa akiliki amaterera pa chitsulo, ndipo zansungwi sizizizira m'manja komanso sizichita phokoso usiku ena akagona. Kuipa kwake zowonda zimapindika ndi nthawi ndipo mukazikhalira zathyoka.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Kumbuyo kwa shopu kuli mdima, babu limodzi lachikasu, ndipo ndi komwe anaika mitundu yakuda. Buluu wakuda ndi wakuda weniweni simungasiyanitse, ndinachita kupempha kuti nditulukire nawo pakhomo ndikaone pa dzuwa, analola koma shopu ya mitundu imafunika kuwala abale. Chachiwiri pali dengu la ulusi wotsitsidwa mtengo pafupi ndi khomo, mipira yambiri ilibe mapepala. Sudziwa ngati ndi wulu kapena akiliki, sudziwa mamita, sudziwa kachapidwe. Nditafunsa anati kunyumba ndidule kachidutswa ndiwotche, wulu amanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusiya phulusa lofumbutuka, akiliki amasungunuka n'kuuma kukhala kamkanda kolimba kakuda. Njirayo ndi yoona ndithu koma imagwira ntchito utagula kale, bwenzi akungolemba pa kapepala n'kumata. Wa m'dengumo ndi wabwino pa tizidole kapena mabulangete a timabokosi tosiyanasiyana, koma pa chovala cha munthu ine sindingayerekeze.

Komanso mayiwo ali okha, ndiye akayamba kuthandiza munthu mmodzi amamuthandiza mpaka mapeto, zomwe ndi zabwino ukakhala iweyo wothandizidwayo. Mtsikana wina yemwe anabwera kudzangogula koloshe imodzi anadikira nthawi yaitali ine ndikuyezedwa masitichi, ndinachita kumva chisoni mpaka ndinati muthandizeni kaye mwanayu. Ngati muli pachangu pitani mukudziwa kale chomwe mukufuna.

Pa kashelefu kapamwamba pali ulusi wapadera womwe ndinangousisita osagula. Mohair, wa ubweya wa mbuzi za Angora, wambiri umachokera ku South Africa, wopepuka ngati utsi koma mayiwo anati ukalakwitsa kumasula kwake ndi ntchito chifukwa ubweya umakolana. Wina ndi wa ubweya wa alpaca, nyama ya ku Peru, wofunda kuposa wa nkhosa koma wolemera ndipo amatamuka. Ndi ulusi wa masokosi wa magawo 75 wulu ndi 25 nayiloni, nayiloniyo ndi yoti chidendene chisabooke msanga. Wina umabwera osakulungidwa ngati mpira, uli chopotana ngati chingwe, umenewu osayesa kulukira pomwepo umasokonekera wonse, pamafunika kuukoleka pa mpando kapena m'manja mwa munthu n'kuukulunga kaye. Iwo ali ndi kamakina kokulungira ndipo amakukulungirani mukapempha.

Chomaliza chomwe ndinakonda, anandilangiza kutenga mpira umodzi wowonjezera n'kunena kuti ukatsala osaumasula, kapepala kali pompo, ndibwere nawo ndi lisiti adzandisinthira ndi chinthu china. Ndinatuluka ndi mipira inayi ya mtundu wobiriwira ngati masamba a ndimu, singano za 4.5mm, zina za 3.75mm zolukira mphepete, kachipangizo koyezera kaja ndi singano yosongoka pang'ono yolumikizira zidutswa. Pano kumsana kwa juzi ndamaliza, ndayeza masitichi akukwana 22 ndendende, ulusi sukugawanika pa singano ndipo mfundo ndapeza imodzi yokha mu mpira woyamba. Mabatani sindinagule dala, mayiwo anati ndidzabwere ndi juzi yomwe ikatha tidzayese pa mabowo ake enieni, ndiye ndikangomaliza manja ndibwererako.