Mwala wa alum kumaso: kukoka umakokadi, koma n'kobwereka

Ndatha nawo miyezi 4 tsopano nde ndati ndilembeko, chifukwa ine ndisanagule ndinasaka ndemanga yachilungamo koma zomwe ndimapeza ndi za anthu oti angopaka tsiku limodzi basi ayamba kale kuuchemerera. Ine nyenyezi ndapereka 3 pa 5, mumva chifukwa chake.

Muyambe mwadziwa khungu langa kuti musadzandinene. Ndili ndi zaka 38, pamphumi ndi pamphuno mafuta ake osasimbika, ikamakwana 11 koloko m'mawa ndimakhala ndikunyezimira ngati ndadzola dala, pomwe m'masayamu ndi mouma ndithu. Timabowo ta pamphuno timaonekera patali, komanso timizere tayamba m'mbali mwa masomu ndi apa potsika kuchoka pamphuno kupita pakamwa. Nde nditaona mavidiyo pa intaneti akuti kamwala kameneka kamakoka nkhope mpaka munthu kubwerera kuutsikana, ndinati aaa ineyo nditsalirenji.

Ndinatenga wa mwala osati wa ufa. Umaoneka ngati chidutswa cha ayisi, woyera koma kuwala kumadutsa pang'ono, fungo ulibe olo pang'ono. Pa paketi panalembedwa potassium alum, dzina lake lonse ndi potassium aluminium sulfate, ku India amati fitkari, ku Philippines amati tawas, nde mukaona maina amenewa musasokonezeke ndi chimodzimodzi. Koma muziwerenga paketi chifukwa pali winanso ammonium alum, maonekedwe ofanana kwambiri, ndi pachibale inde koma si yemweyo. Chinandiseketsa n'chakuti alum ndi yemwe amathira m'madzi amatope kuti zinyalala zigwirane n'kudikha pansi, komanso onyika nsalu amamugwiritsa ntchito kuti utoto ugwire. Ndinangoti chabwino, nkhope yanga yalowa m'gulu la nsalu kkkk.

Kapakidwe kake nkosavuta. Umasukusula kaye, nkhope ikadali yonyowa umanyowetsanso mwalawo n'kuuyendetsa pang'onopang'ono osakhula, kenako kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri n'kutsuka ndi madzi ozizira. Tsiku loyamba abale inu ndinadabwa. Pamene madzi aja amauma ndimamva khungu likudzikoka lokha, kukungika ngati ng'oma yowamba pamoto, ndikamwetulira ndimamva kuti pali chikundigwira m'masayamu. Kuyang'ana pagalasi, pamphuno pali see, timabowo tija ngati tathawa, mafuta kulibe. Ndinajambula ma selfie ngati 10 tsiku limenelo, sindinama.

Koma pofika masana chimene chija chinali chitapita. Mafuta anachedwako kubwera, m'malo mwa 11 anabwera cha m'ma 2 kapena 3, zomwe kwa ine ndi zambiri ndithu, koma timizere tija tinali pomwepo kundidikirira. M'mawa mwake kupakanso, kukokanso, madzulo kubwereranso. Apa mpomwe ndinakhala pansi kuwerenga kuti kodi kwenikweni chimachitika n'chani. Alum ali m'gulu la zomwe amati astringent, ntchito yake ndi kukhwinyatitsa mapuloteni a pamwamba penipeni pa khungu, nde kachikopa kapamwambako kamafota pang'ono n'kuuma, iwe n'kumamva ngati wakokedwa. Pomwe makwinya ndi kulendewera kwa masaya zimayambira pansi, kumene kuli collagen ndi elastin, mapuloteni omwe amagwira khungu kuti likhale lolimba ndi lotamuka, zomwe zimachepa munthu akamakula komanso dzuwa likamakuwotcha zaka ndi zaka. Mwalawu kumeneko sufikako. Olo timabowo tija sikuti timatsekeka, tilibe chitseko, timangooneka tochepa poti khungu lozungulira ladzikoka ndipo mafuta achoka. Nde kukungika kwake kuli ngati chovala chobwereka, umatchena nacho kuukwati madzulo mwini wake n'kudzatenga.

Tsono apa mpomwe ndinapusa ine. M'malo movomereza, ndinaganiza kuti mwina ndikuchepetsa. Sabata yachitatu ndinayamba kupaka kawiri patsiku, ndipo usiku osatsuka, kugona nawo kuti ati ugwire bwino ntchito mpaka kuche. Pamwamba pa izo sopo wanga wosukusulira ali ndi salicylic acid, sindinaganizeko n'komwe kuti ndikuphatikiza zinthu ziwiri zoumitsa. Masiku 5 okha, m'masayamu munayamba kutuwa, ukauma umasiya kaufa koyera nde ndimadzinamiza kuti ndi kaufako, koma ayi linali khungu langa likusupuka. M'mbali mwa mphuno munang'ambika timing'alu, ndikapaka loshoni wamba yemwe ndakhala naye zaka zambiri ankandiwotcha mpaka misozi. Chokwiyitsa kwambiri, pamphumi mafuta anali pomwepo, nde ndinali munthu wosupuka komanso wonyezimira nthawi imodzi. Mnzanga wina kuntchito anachita kundikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti asisi mwayamba kudzola zoyeretsa zija kodi, manyazi ake.

Ndinadzadziwa mochedwa kuti alum akasungunuka m'madzi amakhala asidi, pH yake, womwe ndi muyeso wa asidi woti nambala ikamatsika asidi akuchuluka, imakhala cha m'ma 3 mpaka 4 pomwe khungu lathu limakhala cha m'ma 5. Kwa mphindi ziwiri khungu limapirira, koma usiku onse tsiku ndi tsiku ayi. Ndinasiya zonse kwa masiku 10, kumangosukusula ndi madzi n'kupaka mafuta opanda perefyumu, mpaka linabwerera. Koma patsaya lamanzere panatsala kadontho kakuda komwe kanatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti kazilale. Ichi anzanga akhungu lakuda ngati ine muchimve bwino, ifeyo pamene papsa kapena patupa pamakonda kusiya chipsera chakuda, nde amene akukuuzani kuti alum amachotsa madontho akuda muwafunse kaye, ine m'malo mochotsa anandionjezera limodzi. Kulakwa kunali kwanga inde, koma papaketi panalibe olo chiganizo chimodzi chonena kuti uzitsuka pakatha mphindi zingati kapena kangati pasabata, nyenyezi imodzi yachoka pamenepo.

Pa ziphuphu zili pakatikati. Tating'ono toyera kumutu tija timauma msanga ukakhudzitsako, mawa lake kamakhala kafota. Zikuluzikulu zopweteka za mkati zija zobwera kumwezi, palibe chomwe chimachitika, ukungovutitsa khungu lapamwamba.

Pomwe mwalawu wandigometsa ndi pa tsitsi. Ndimazula nsidze komanso timaubweya tingapo ta pachibwano, kale pamatupa n'kutuluka tiziphuphu, pano ndikangomaliza ndimakhudzitsa mwala wonyowa, umaluma kwa kamphindi kenako zii. Ntchito yake yeniyeni kuyambira kale ndi imeneyi, ometa ndevu amaupaka lezala ikawacheka pang'ono ndipo magazi amaima msanga. Abambo akunyumba poyamba amandiseka kuti mayi mwafika popaka miyala kumaso, tsiku lina atadzicheka pakhosi ndinawapatsa, anakuwa kuti iii ukuluma, koma magazi anaima pomwepo ndipo kuchokera tsiku limenelo sanasekenso. Tikunena timabala ta lezala apa, osati bala lenileni, limenelo pitani nalo kuchipatala.

M'khwapa ndinayesamonso. Fungo umachepetsadi poti umalepheretsa mabakiteriya oyambitsa fungo kuswana, koma thukuta limatuluka chimodzimodzi, nde ngati vuto lanu ndi kunyowa malaya musayembekezere zambiri. Ndipo wa m'khwapa ukhale wake, wakumaso wake, chonde.

Kasungidwe kake kali ndi mavuto akenso. Ukausiya wonyowa m'bafa umadyeka, pansi pamachita mabowo ndi timano takuthwa toti tikhoza kukukanda. Uzitsuka, kupukuta ndi thawulo n'kuika pouma. Ukakhala wonyowa umatereranso koopsa, wanga unandipulumuka m'manja sabata yachisanu n'kugwa pa matailosi, phwaa, zidutswa ziwiri zazikulu ndi tinyenyeswa. M'mphepete mosweka ndinachita kupakhula ndi chala pansi pa madzi otentha mpaka kusalala, poti m'madzi otentha umasungunuka msanga. Kutha kokha sukutha, miyezi 4 yonseyi olo theka sunafike.

Pano mmene ndikuchitira ndi chonchi, kawiri pasabata basi, pamphumi ndi pamphuno pokha, m'masaya ndi pafupi ndi maso sindifikako olo zitavuta. Mphindi imodzi, kutsuka, kenako mafuta ofewetsa khungu nthawi yomweyo lisanaume, m'mawa sunscreen pamwamba. Tsiku lomwe ndapaka alum sopo wa asidi uja sindimukhudza, ndipo amene mumapaka retinol, mankhwala ochepetsa makwinya ndi ziphuphu aja, muchite chimodzimodzi. Chonchi tikumvana bwinobwino, makamaka tsiku loti ndikufuna ndijambulidwe kapena phawuda akhalitse osasungunuka pamphuno. Ngati khungu lanu ndi louma kale, kapena muli ndi eczema, nthenda youmitsa ndi kuyabwitsa khungu ija, kapena limangofiira ndi chilichonse, ine ndingati musayambe n'komwe. Enanu yesani kaye kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono, mudikire maola 24 muone.

Ndingagulenso? Eya, koma ndikudziwa chomwe ndikugula, chochepetsa mafuta kwa maola angapo ndi chopaka ukazula kapena kumeta. Timizere ta m'maso tija ndajambula chithunzi dzulo n'kuyerekeza ndi cha tsiku loyamba, pawindo lomwelo nthawi yomweyo, tonse tilipo palibe kamene kasamuka. Ndipo kugulanso kumeneko si msanga, chidutswa changa chikadali chachikulu, chinacho abambo anachitenga n'kukachibisa m'kachikwama kawo ka malezala, akuti ine ndimagwetsa zinthu.