Word, LibreOffice kapena Google Docs: pulogalamu iti imapirira mawu a Chichewa?

Aliyense amene analembapo kalata ya Chichewa pa kompyuta amadziwa mmene tsamba limafiirira. Pafupifupi liwu lililonse limatsekedwa mzere wofiira wokhotakhota kunsi kwake, ndipo chifukwa mizereyo imakhala paliponse, cholakwika chenicheni chimabisala pakati pa mawu olondola. Ine ndimataipa malipoti, mapulogalamu a maukwati ndi zolemba za ophunzira kuno ku Zomba, ndipo ndagwiritsa ntchito mapulogalamu atatu amene ambirife tili nawo. Onse atatu amalola munthu kupanga dikishonale yakeyake, koma kachitidwe kake ndi kosiyana, ndipo kusiyanako kumaonekera kwambiri pa Chichewa kusiyana ndi pa Chingerezi.

Ndiyambe ndi Microsoft Word, poti ndi imene ili pa makompyuta ambiri a m'maofesi. Mukadina kumanja pa liwu lotsekedwa mzere n'kusankha Add to Dictionary, liwulo limakalowa m'failo yotchedwa CUSTOM.DIC, imene pa Windows imakhala mufoda ya UProof mkati mwa AppData. M'ma Office atsopano muli inanso yotchedwa RoamingCustom.dic, imene imayenda ndi akaunti yanu ya Microsoft. Kuti muone zimenezi mumalowa pa File, kenako Options, Proofing, n'kufika pa Custom Dictionaries, pomwe mungathe kupanga dikishonale yatsopano, kuchotsa liwu lolowa molakwika, ndiponso kunena chiyankhulo chimene dikishonaleyo itumikire. Ubwino wake ndi wakuti failoyo ndi mndandanda wamba, liwu limodzi pa mzere umodzi, moti mungaitsegule mu Notepad, kuthiramo mawu ambiri nthawi imodzi, n'kuikopera pa fulashi kuti mnzanu wa pa desiki ina aigwiritsenso ntchito.

Pa zolemba za Chingerezi zokhala ndi mayina akwathu, njira imeneyi ndi yokwanira. Mukalowetsa Chinamwali, Matawale, Mulunguzi, Domasi ndi Chingale kamodzi, lipoti lonse limayera ndipo zolakwika za Chingerezi zimaonekera poyera. Vuto limayamba pamene cholembedwa chonse chili m'Chichewa, chifukwa Word sabwera ndi dikishonale ya chiyankhulo chathu, ndipo mndandanda wake sudziwa kuti mawu ali pachibale. Tsiku lina ndinalowetsa liwu lakuti kulemba, koma mzere wofiira unabweranso pa ndalemba, tinalembera, sanalembedwe ndi adzatilemberanso, ngati kuti onsewa ndi alendo. Mneni mmodzi wa Chichewa amasintha malinga ndi wochita, nthawi, kukana, wochitiridwa ndi zina zambiri, choncho amene akufuna kumaliza Chichewa chonse polowetsa liwu limodzilimodzi akutunga madzi ndi dengu. Chimene ndimachita mu Word ndi kusankha ndime zonse za Chichewa, kulowa pa Review, Language, Set Proofing Language, n'kuchonga pamene palembedwa Do not check spelling or grammar. Mizere imachoka, koma kunena zoona, apo sitinakonze kanthu, tangomutseka pakamwa woyang'anirayo.

LibreOffice Writer, imene ndi yaulere ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation kuyambira 2010, inamangidwa mwa mtundu wina. Imagwiritsa ntchito Hunspell, pulogalamu yoyang'anira kalembedwe ka mawu, imene László Németh anaikonza poganizira Chihangare, chiyankhulo chimene, monga chathu, chimalumikiza tizigawo tambiri pa tsinde limodzi. Dikishonale ya Hunspell imakhala ndi mafailo awiri: ya .dic imasunga matsinde a mawu, pamene ya .aff imasunga malamulo onena aphatikiri amene angakhale kutsogolo kapena kumbuyo kwa tsinde lililonse. Izi zikutanthauza kuti munthu akalemba lamulo la ndi-, ti-, a- ndi la -na-, -ku-, -dza- kamodzi, lamulolo limatumikira aneni onse amene awapatsa chizindikiro chake. Mulinso lamulo lotchedwa COMPLEXPREFIXES, lolola aphatikiri akutsogolo kusanjikizana kawiri, ndipo limeneli ndi lofunika kwa ife chifukwa mneni wathu amalemera kwambiri kumutu.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti zimenezi ndi zophweka. Kulemba failo ya .aff kumafuna kudekha ndiponso kudziwa galamala, ndipo lamulo lolembedwa mosasamala limavomereza mawu amene Mchewa aliyense sanganene. Amene safuna kufika kumeneko angathe kupanga dikishonale wamba polowa pa Tools, Options, n'kufunafuna Writing Aids pansi pa zokhudza ziyankhulo. Mawu ake amasungidwa mufoda yotchedwa wordbook. Kuyambira pa LibreOffice 6.0 ya 2018 muli bokosi la Grammar By, limene limalola liwu latsopano kubwereka malamulo a liwu lina lomwe lili kale mudikishonale yaikulu. Pa mndandanda wa ziyankhulo, chathu muchipeza pa dzina lakuti Nyanja, ndipo chizindikiro chake ndi ny.

Za Google Docs sindichulukitsa. Pa Tools, Spelling and grammar, pali Personal dictionary, imene imakutsatirani pa kompyuta iliyonse imene mwalowa ndi akaunti yanu, koma mawu mumalowetsa limodzilimodzi ndipo simupatsidwa failo yoti muigwire m'manja. Kwa ife amene timawerengera bandulo ya intaneti, ndipo netiweki imatha kuthawa mvula ikangoyamba kutsika m'phirimu, imeneyi ndi njira yothandiza pamene anthu angapo akulemba chikalata chimodzi, osati yomangirapo dikishonale yaikulu. Asakatuli, mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti, ali ndi mindandanda yawoyawo: Firefox imasunga mawu anu mu persdict.dat, Chrome mu Custom Dictionary.txt, ndipo liwu limene mwaphunzitsa Word silidziwika kumeneko.

Pali nkhani ina imene pulogalamu iliyonse mwa izi singakuthetsereni, ndiyo ya kalembedwe. Ena amalemba mawu, ena mau. Ena Malaŵi, ena Malawi. Mukalowetsa zonse ziwiri, dikishonale imavomereza zonse ndipo chikalata chimodzi chimatuluka chosakanikirana. Ndi bwino kusankhiratu kalembedwe kamodzi, makamaka kotsatira malamulo amene amalimbikitsa a Centre for Language Studies ku University of Malawi kuno kwathu, musanayambe kudzaza mndandanda. Ngati mwasankha ŵ, lembani U+0175 n'kudina Alt ndi X, njira imene imagwira mu Word ndi mu Writer momwe, ndipo failo ya CUSTOM.DIC muisunge ngati Unicode, kasungidwe kozindikira zilembo za ziyankhulo zosiyanasiyana, kuti kachizindikiro kapamwambako kasasokonekere. Ine ndinalowetsapo mwangozi liwu lakuti zikomp m'malo mwa zikomo, ndipo linadutsa m'makalata angapo popanda mzere uliwonse mpaka kasitomala wina anachita kundilozera ndi chala papepala.

Lero ndimagawa ntchito motere: malipoti a Chingerezi ndimalembera mu Word ndi mndandanda wa mayina a malo ndi a anthu, pamene zolemba zazitali za Chichewa ndimazitengera ku Writer. Mndandanda weniweni wa mawu ndimausunga padera mufailo wamba pa fulashi, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimauwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi ndisanaukopere ku mapulogalamu enawo.