Maloya a chipukuta misozi: ntchito amaidziwa koma foni sayankha, nyenyezi 3 pa 5

Ndawapatsa nyenyezi zitatu. Ndalama ndinalandira ndithu ndipo zinaposa kutali zomwe a inshuwalansi ankafuna kunditsekera nazo pakamwa, koma momwe amasungira kasitomala ndi zomwe zawadyera ziwiri zinazo. Ndi ofesi ya maloya yomwe imangoona za anthu ovulala, aja amati simulipira kanthu poyamba, adzadula peresenti pa zomwe mwawina, mukaluza iwonso aluza. Dzina sinditchula.

Ine galimoto inandigunda ndili pa njinga, mwendo unathyoka m'munsi mwa bondo, chikhakha, kenako mafizo, ntchito inaima. A inshuwalansi ya mwini galimotoyo sanachedwe ayi, anandiimbira ndisanayambe n'kuponda komwe, mawu okoma kwabasi, pepani bambo pepani, tikufuna tikuthandizeni msanga musavutike ndi za makhoti, basi n'kutumiza fomu yoti ndisaine. Pa tsamba lomaliza m'tizilembo ting'onoting'ono panali mawu oti ndikangolandira ndalamazo nkhani yatheratu, sindidzabweranso kudzapempha kanthu olo mwendowo utadzavuta patsogolo. Loya yemwe anandilandira, mayi wina wosayankhula zambiri, anawerenga fomuyo, n'kuloza mzere umenewo ndi cholembera, akuti "Bambo, dokotala wanu wanena kale kuti mwendowu uchira mpaka pati?" Ndinati ayi sananene. Akuti "Ndiye awa adziwa bwanji mtengo wake?" Pamenepo ndi pomwe ndinawakhulupirira.

Pa umboni anthuwa ndi akatswiri, apa sindingawanyoze. Anatenga lipoti la apolisi, zithunzi za njinga momwe inapindikira, anapeza munthu yemwe anaona ngoziyo ikuchitika n'kumulemba zonena zake asanaiwale, ananditumiza kwa dokotala wina wa mafupa kuti alembe lipoti lonena kuti kulumala kwake ndi kochuluka bwanji. Anandifotokozeranso kuti chipukuta misozi chili pawiri. Pali zomwe zimawerengeka ndi mapepala, monga mankhwala, thiransipoti yopitira kuchipatala, malipiro omwe ndinataya, njinga yomwe ija, ndipo izi popanda lisiti a inshuwalansi amangokana osaphethira n'komwe. Ndiye pali za ululu ndi kuvutika ndi zinthu zomwe sungachitenso ngati kale, izi zilibe lisiti, amayerekeza ndi zomwe makhoti anapereka kwa ena ovulala mofanana. Komanso za nthawi, eti milandu yotereyi imakhala ndi malire, ukachedwa khoti silikumveranso olo uli ndi umboni wokwana, ku England mwachitsanzo ndi zaka 3, kwina n'kosiyana, ndiye a inshuwalansi akamakuzengereza ndi mawa mawa musaganize kuti ndi ulesi chabe.

Pomwe panavuta ndi pomwe a inshuwalansi anabwera ndi yoti inenso ndinalakwitsa, akuti njinga inalibe chowala kumbuyo ndipo kunali kutayamba kuda. Lamulo lake limati ngati wovulalayo ali ndi gawo pa ngoziyo, ndalama zimadulidwa molingana ndi gawo lakelo. Iwo ankafuna kundisenzetsa theka lonse. Mayi aja analimbana nawo ndi lipoti la apolisi lomwe linkaonetsa kuti dalaivala anakhota osapereka sigino, gawo langa linatsika kwambiri, ndipo nkhani inathera pa kukambirana osafika pamaso pa jaji, zomwe akuti ndi momwe milandu yambiri yotere imathera.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa chinandiwawa kuposa mwendo ndi pakamwa pa anthu. Mlamu wanga amene, akuti mukufuna kulemera ndi mwendo ngati gogo wa khofi wa ku America uja. Nkhani imeneyi anthu amaikamba ngati nthabwala koma akanaidziwa bwino sakanaseka. Gogoyo ndi Stella Liebeck, anali ndi zaka 79, khofi wa ku McDonald's anawatayikira pamiyendo mu 1992 ku Albuquerque, ali m'galimoto yoima ndipo sanali kuyendetsa ndi iwo. Khofiyo ankagulitsidwa ali pa madigiri 82 mpaka 88, gogoyo anapsa koopsa mpaka madokotala kuchita kuwamata khungu lochotsa pena. Iwo anangopempha madola 20,000 kuti nkhani ithe, kampani inati tikupatsani 800. Kukhoti mu 1994 kunadziwika kuti panali madandaulo oposa 700 a anthu ena omwe anapsapo kale. Madola 2.7 miliyoni omwe aliyense amatchula aja, omwe anali olangira kampaniyo, jaji anawatsitsa kufika pa 480,000, ndipo pa chipukuta misozi chenichenicho khoti linawadulanso 20 peresenti poti nawonso anali ndi gawo lawo, chimodzimodzi zomwe zinandichitikira ine. Koma yomwe inafala ndi yoti gogo wadyera khofi, ndipo andale ndi makampani ofuna malamulo ochepetsa ndalama za milandu anaigwiritsa ntchito zaka ndi zaka. Manyazi amenewo ndi omwe amachititsa munthu wovulala kusaina fomu yoyamba ija kuti asaoneke wadyera, ndipo wopindula si iyeyo.

Tsopano zoipa zawo. Abale, foni! Ukaimba, sekilitale akuti loya ali kukhoti akuimbirani, osaimba, WhatsApp timizere tiwiri tabuluu koma zii, miyezi kumadutsa osadziwa kuti fayilo yako ili pati, pomwe iwe uli pakhomo ngongole zikukwera ndipo a inshuwalansi aja akanali kukunong'oneza kuti mukanasaina bwenzi pano mutadya kale. Ndikumvetsa kuti milandu imachedwa, zina si iwo, koma meseji imodzi pamwezi yoti tikudikira lipoti la dokotala ikanakwana. Fayilo yanga inasinthidwanso kupita kwa mnyamata wina osandiuza, ndinangodabwa ndikufotokozanso ngozi yonse kuyambira pachiyambi kwa munthu yemwe sankadziwa n'komwe kuti ndi mwendo uti.

Chachiwiri ndi madulidwe. Peresenti yawo ndinaidziwa kuyambira tsiku losaina, palibe vuto. Koma ndalama zitalowa panatulukanso mndandanda wina, ya dokotala wa lipoti, ya mapepala a kukhoti, mafotokope, maulendo awo, zonsezi kudula pambali, ndipo peresenti ija anaiwerengera pa ndalama zonse asanachotse zimenezi. Mu mgwirizano zinalembedwamo, eya, koma m'chilankhulo cha maloya, ndipo anthu omwe anandionetsa tizilembo ta a inshuwalansi ndi cholembera akanatha kundionetsanso tawo. Ndinachita kuumirira kuti andipatse pepala losonyeza chilichonse chomwe adula, linabwera patapita nthawi, masamu ake anali olondola.

Wina atandifunsa ngati apiteko ndinganene kuti pitani, makamaka ngati mwavulala kwambiri ndipo a inshuwalansi ayamba kale kukukomerani mawu, koma musanasaine afunseni kuti peresenti akuiwerengera pa ziti, mukaluza za dokotala ndi za kukhoti alipira ndani, ndipo fayilo yanu agwira ndani, akulembereni dzina lake. Ngati ndi kachilonda kakang'ono, zodulazo zikhoza kumeza zonse.

Panopa ndikufuna kope ya lipoti la dokotala wa mafupa lija poti akuntchito akulifuna, ndawatumizira imelo, ndaimbanso, akuti loya ali kukhoti.